Kasitima ka rezini kakapindika ngati nthochi: zoyenera kuchita kuyambira tsiku lomwe phukusi lafika

Mwezi uno wokha anthu anayi andifunsa funso limodzimodzi: "Achimwene, kasitima kanga kafika, koma kakungogwedera patebulo, ndikatani?" Wina anachita kufika nako kunyumba atakakulunga m'mpango, mlongoti wake uli padera m'thumba la malaya. Kufotokoza pakhonde kwanditopetsa, ndiye ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomuonetsa pano.

Kwa amene mwangomva mphekesera: timayala nsalu yabuluu patebulo kukhala nyanja, timandandalika tisitima tankhondo, timayeza mtunda ndi tepi ya atelala, ndipo madayisi ndi amene amagamula ngati chipolopolo chamenya kapena chagwera m'madzi. Si masewera a dzana. Mngerezi wina, Fred T. Jane, anali atatulutsa kale malamulo ake mu 1898. Ndipo ife a ku Mangochi sitikubwereka mbiri ya eni. Mfuti ya Hotchkiss ili pafupi ndi wotchi ya Mfumukazi Victoria, poyandikira mlatho wa Bakili Muluzi, inachokera pa Guendolen, sitima yomwe inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Britain n'kudzalumikizidwa konkuno tawuni ino ikadali Fort Johnston. Mu Ogasiti 1914 sitima imeneyi inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania.

Tisitima tambiri masiku ano ndi ta rezini. Rezini ndi pulasitiki yomwe imayamba ili yamadzimadzi ngati utomoni, kenako n'kuuma gwa. Imaonetsa bwino tizinthu ting'onoting'ono, koma imaopa kutentha, ndipo kutentha ndiye kwathu kuno.

1. Sankhani sikelo imodzi musanatulutse ndalama

Sikelo ndi nambala yomwe imanena kuti kasitimako kachepetsedwa kangati. Mukaona 1/2400, ndiye kuti sentimita imodzi pakasitima ikuimira mamita 24 pa sitima yeniyeni. Bismarck, sitima yaikulu yankhondo ya Ajeremani, inali yotalika mamita 251: pa 1/2400 imakwana masentimita 10 ndi theka, pa 1/1200 imafika 21. Koma Guendolen, ya mamita pafupifupi 41, pa 1/2400 siikwana ngakhale masentimita awiri, mutha kuisesera limodzi ndi makoko a mtedza. Wofuna nkhondo za panyanja yathu atenge 1/600, pomwe Guendolen imakhala masentimita pafupifupi 7, Wissmann kuposa 4 pang'ono, ndipo Ilala, mutafuna kuiika pambali ngati chokongoletsa, imayandikira 9.

Cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri: munthu wagula yekha osafunsa anzake, wabwera ndi 1/700 pomwe gulu lonse lili ndi 1/1200, kasitima kake kolondera kakuoneka kakulu kuposa sitima yonyamula ndege. Funsani kaye amene mudzasewere nawo.

2. Dziwani mtundu wa rezini yomwe mukugula

Ilipo iwiri, ndipo matenda ake ndi osiyana.

Yoyamba ndi yothira m'chikombole, monga momwe timaumbira njerwa, kungoti chikombole chake ndi cha labala. Matenda ake ndi timabowo ta mpweya, tizikamba topyapyala m'mphepete momwe chikombole chinakumana, ndi mafuta omwe amapaka kuti chinthucho chituluke mosavuta. Chikombole chikakalamba, mizere imayamba kufufutika, mfuti zimatuluka ngati timabulu.

Yachiwiri ndi yosindikiza pa makina a 3D, yomwe imaumitsidwa ndi kuwala, kagawo kamodzi pamwamba pa kanzake. Matenda ake ndi timizere topingasa m'mbali mwa sitima, zipsera za timizati tomwe tinkaichirikiza posindikiza, ndi kunyata ngati sanaitsuke n'kuiumitsa mokwanira. Imakhalanso yosachedwa kuthyoka. Ikagwa pasimenti siipinda, imasweka ngati mbale yadothi.

Wogulitsa mumufunse zinthu zitatu: ndi yothira kapena yosindikiza, ndi yodula pamzere wa madzi, kutanthauza yapansi pathyathyathya, kapena ili ndi mimba yonse, ndipo ngati ndi yosindikiza, m'kati mwake ndi mwamphako kapena ayi. Posewera mukufuna yapansi pathyathyathya. Yamphako yopanda kabowo kotulutsira madzi ake muikane, chifukwa rezini yosauma yomwe yatsekeredwa m'katimo imadzaing'amba pakapita miyezi, n'kuyamba kuchucha m'bokosi. Pemphaninso chithunzi cha kasitima kenikeni kojambulidwa cham'mbali katakhala patebulo. Zithunzi zosalala zopangidwa pakompyuta sizikuuzani kanthu.

3. Phukusi likafika, yambani ndi galasi

Musathamangire kuwerenga mfuti ndi maboti opulumukira. Tengani galasi la pawindo, kapena kalilole, muike kasitimako pamenepo, mugwade kuti diso lifanane ndi galasilo, kuwala kuli kuseri. Ngati kuwala kukudutsa pansi pa mphuno ndi kumbuyo, pakati pokha ndi pomwe pakhudza, ndiyo nthochi ija. Dinani kutsogolo ndi chala: kumbuyo kukadzuka, mwatsimikiza. Yang'ananinso kuchokera kumphuno ngati mukuloza mfuti, muone ngati chumuni ndi milongoti zili pamzere umodzi kapena thupi lapotoka.

Ine ndimaweruza ubwino wa kasitima pagalasi pomwepa. Kokhala ndi timizere tochepa koma kowongoka kamaposa kokongola kogwedera. Patebulo mumakaona muli chiimire, patali ndi mkono wonse, ndipo pamenepo timakwerero sitioneka, koma mphuno yoyang'ana kumwamba ngati ng'ona yowothera dzuwa aliyense amaiona.

Kenako gwirani ndi chala chouma. Kakanyata kapena kakanunkha kwambiri, musakagwirenso chimanjamanja, chifukwa rezini yosauma imayabwitsa khungu. Valani magolovesi, katsukeni mu sipiriti, kaume, kenako kaikeni padzuwa la m'mawa mphindi zochepa mbali iliyonse, mukutembenuza. Mphindi, osati tsiku. Dzuwa lathu likakaomba mbali imodzi nthawi yaitali, lokha limakapinda.

4. Tsukani

Madzi ofunda, sopo wotsukira mbale, mswachi wakale. Tsukuluzani, kaume pamthunzi. Mukadumpha apa penti adzasupuka ngati khungu la njoka. Tsukirani m'beseni, osati pampopi, chifukwa kamfuti kakathothoka simudzakaonanso.

5. Kuwongola

Apa ndi pomwe ambiri amangoti "viikani m'madzi otentha" n'kupitirira, ngati nkhani yatha. Siinathe. Nthochi zilipo ziwiri, ndipo mankhwala ake si amodzi.

Pali kasitima komwe kanatuluka m'chikombole kali kowongoka, n'kupindikira m'njira: kanapanikizika m'phukusi, kanakhala masabata m'malo otentha, mwina kanamaliza ulendo pansi pa mpando wa minibasi kuchokera ku Liwonde mu Okutobala. Ndiye pali komwe kanabadwa kopindika, chifukwa anakachotsa m'chikombole kasanakhwime, kapena chifukwa pouma mbali yapamwamba inakokana kuposa yapansi. Rezini ikatenthedwa imafuna kubwerera momwe inaumira. Koyambako kutentha kumakathandiza, kachiwiriko kutentha kumakabwezera ku matenda ake.

Kuti mudziwe muli ndi kati, konzani madzi motere: makapu awiri a madzi owira kumene, kapu imodzi ya madzi a pampopi. Amakhala cha m'ma digiri 70, otentha moti chala simungachisiyemo koma osabwadamuka. Madzi obwadamuka amafewetsa zonse, mfuti zimagwa ngati masamba a nkhwani pamoto. Pambali pakhale beseni la madzi ozizira, ndi galasi lija.

Viikani kasitimako, kakang'ono theka la mphindi, kakakulu mphindi imodzi kapena ziwiri, mukuyang'ana. Mukaona kakudziwongola kokha m'madzimo, sangalalani, ndi kam'njira. Katulutseni ndi supuni, kaikeni pagalasi, dinani mofatsa ndi zala ziwiri kutsogolo ndi kumbuyo, pamalo opanda mfuti, ndipo mnzanu athire madzi ozizira mukadali chidinire. Werengani mpaka 60 musanachotse zala. Ambiri amachotsa msanga poona kuti kunja kwazizira, pomwe m'kati mukadali mofewa.

Kakapanda kusuntha m'madzimo, ndi kobadwa nako. Chitani chimodzimodzi, koma poumitsa muike kachidutswa ka khadi pansi pa mbali yomwe ikufunika kukwera, kuti mupitirize pang'ono kuposa powongoka, popeza kadzabwerera. Kwa nthochi yodzutsa mphuno ndi kumbuyo, khadiyo ikhale pakati. Mukatero kasiyeni pagalasi usiku wonse, kenako masiku atatu pamalo pomwe muzidzakasunga, muyesenso. Musapente musanadikire masiku amenewa. Ine ndinapentapo sitima zisanu Loweruka lomwe ndinaziwongola, pofika Lachitatu zitatu zinali zitadzukanso, penti atang'aluka pakati.

Kakabwerera kachiwiri, madzi alephera, pakufunika msana. Tembenuzani kasitimako, mugobe kangalande pansi pake kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kusiya pang'ono kumapeto konse. Gobani ndi nsonga ya tupa yaing'ono kapena kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo, pali ponyowa, pang'onopang'ono, kuti musatulukire pamwamba. Pitani kwa okonza njinga za kabaza mukapemphe sipoko yakale yowongoka, muidule kutalika kwa ngalandeyo. Igubuduzeni pagalasi kaye, chifukwa sipoko yokhota idzangokupatsani nthochi yachitsulo. Tenthetsaninso kasitimako m'madzi, kawongoleni, kapukuteni kaume, thirani guluu wa machubu awiri uja wosakaniza, lowetsani sipoko, yalani pepala la pulasitiki pagalasi kuti kasamatirire, ndipo kasindikizeni ndi cholemera mpaka m'mawa. Cholemeracho chisakhale pa chumuni. Ikani timatabwa tiwiri pamalo athyathyathya, cholemera chikhale pa timatabwato.

Pa tisitima topyapyala kwambiri, monga tolondera ta 1/2400, sipoko siikwana. Pamenepo singano yosokera imagwira ntchito yomweyo.

Chimene simuyenera kuchita n'kuwongola pamoto. Kandulo, mbaula, ngakhale kuyandikiza ayironi, zonsezi zimatenthetsa khungu lokha m'kati muli mouma, ndipo chotsatira ndi kuphulika kwa kunja kapena kuthyoka pakati. Wina anayesa kuika padenga la malata masana kuti "kafewe kokha". Kanafewadi, mbali zonse.

6. Kudula, kukwecha, kutseka mabowo

Tizikamba ta m'mphepete palani ndi lezala, mukukokera chammbali osati kusema. Zotsalira zokhuthala musathyole ndi zala, dulani patali pang'ono n'kumaliza ndi tupa.

Pansi pake pakwecheni motere: matani sandipepa wa nambala 400, uja wosaopa madzi, pagalasi, donthezani madzi, yendetsani kasitimako mozungulira ngati mukulemba 8. Mukangopita uku ndi uku, mbali imodzi imadyeka kuposa inzake, sitima n'kumaoneka ngati yalowa madzi. Fumbi la rezini ndi loipa m'mapapo, n'chifukwa chake timakwecha ponyowa. Valani masiki, gwirirani panja, ndipo matope oyera otsalawo muwapukute asanaume, makamaka ngati pakhomo pali ana okwawa.

Timabowo ta mpweya: kadontho ka supagulu pansonga ya phini, kenako kuwaza soda, yemweyu wothira m'therere. Zimauma nthawi yomweyo n'kukhala ngati mwala. Kwechani tsiku lomwelo, chifukwa mawa lake chigambacho chimalimba kuposa rezini yoizungulira, ndipo tupa imadya sitima m'malo modya chigamba.

Guluu wa tisitima ta pulasitiki wamba, amene amasungunula pulasitikiyo kuti igwirane, pa rezini sagwira konse. Ndi supagulu kapena wa machubu awiri basi. Nyengo ya dzinja, chinyezi chikachuluka, supagulu amauma msanga ndipo amasiya nkhungu yoyera mozungulira. Thirani wochepa, ndipo musatsekere m'chitini tsiku lomwelo.

7. Kathabwa kokhalapo

Kasitima kalikonse kakhale pa kathabwa kake. Ndi kamene mumagwira posuntha, ndi pomwe mumalemba dzina, ndipo ndi kamene kamaletsa nthochi kubwerera. Katoni musayese, amakoka chinyezi n'kupindika limodzi ndi sitimayo. Pitani kwa akalipentala mukatole zidutswa za hadibodi kapena pulayiwudi wa mamilimita atatu, kapena kachitsulo kopyapyala kwa owotcherera. Kathabwa mukapente mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete musanamatepo kanthu, chifukwa kopenta mbali imodzi kamadzuka kokha. Matani thupi lonse kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo, osati kadontho pakati.

Mafunde timapanga ndi guluu woyera wa akalipentala, kumusisita ndi kamtengo akayamba kulimba. Ochepa akwana. Si mwera tsiku lililonse.

8. Milongoti

Milongoti ya rezini ithyoleni nokha lero, isadzathyoke pakati pa sewero. Boolani kabowo ndi singano yopana m'kamtengo, mukuzungulitsa ndi zala, mulowetse phini ya atelala yodula mutu kapena kawaya kolimba. Nsonga yake muikwechepo, apo ayi wina adzabayidwa pachikhatho potola dayisi.

9. Penti

Yambani ndi penti woyambira, amene opopera magalimoto amati pulaima, wotuwa, wa m'chitini. Poperani m'mawa kusanatenthe. Masana a kuno penti amauma ali m'malere, n'kugwera pa sitima ngati mchenga. Chitini chikhale patali ngati kutalika kwa rula ya kusukulu, mudutse kawiri mopepuka. Pamwamba pake penti wa akiriliki wosungunula ndi madzi, wopyapyala, kawiri kapena katatu. Penti wa mafuta wopentera zitseko amakwirira chilichonse chomwe munalipira.

Kenako sungunulani wakuda kapena wakhofi mpaka akhale ngati tiyi wopanda mkaka, mumuyendetse ponse kuti alowe m'makona. Akauma, tengani bulashi youma yokhala ndi penti wowala pang'ono, muipukute pansalu mpaka ioneke ngati yatha, mupepese nayo m'mphepete. Pa zosindikiza za 3D pepesani motsatira timizere tija, chifukwa mukapingasa mumationetsa poyera. Tisitima tating'ono tipenteni mowala kuposa momwe mukuganizira. Utoto weniweni wa sitima yankhondo, ukauika pa kanthu ka masentimita 10 m'chipinda cha babu limodzi, umangooneka bii.

Amene mukupanga Guendolen, pitani kaye ku Lake Malawi Museum mukaone chifaniziro cha kutsogolo kwake ndi poyendetsera. Yanga ndinachita kusintha kasitima kena ka nthunzi, kukafupikitsa ndi kusuntha chumuni, ndipo ulendo umodzi wa kumeneko unandiwongolera zinthu zomwe ndikanalakwitsa. Madzi a pakathabwa kake akhale obiriwira mowala ngati a ku Cape Maclear, osati otuwa ngati a ku Atlantic.

10. Kusunga

Chitini cha mabisiketi, pansi poyala nsalu, tisitima tosagundana. Ngati timathabwa ndi tachitsulo, matani timaginito pansi pa bokosi la pulasitiki. Chitinicho chikhale pansi, chakumthunzi, osati pamwamba pa kabati pafupi ndi malata, osati pawindo, ndipo osati m'galimoto yoimika padzuwa pomwe inu mukudya chambo. Ola limodzi ndi lokwanira kufafaniza ntchito yonse ya gawo lachisanu.

11. Sewero loyamba

Chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza oyamba kumene: sikelo ya tisitima si sikelo ya nyanja. Pa 24 Meyi 1941, Hood, sitima yankhondo ya Britain, inayamba kuombera sitima za Ajeremani ili pa mtunda wopitirira makilomita 20. Pa 1/2400 amenewo ndi mamita opitirira 8, kutanthauza kuti mdani akanakhala kwa aneba. Choncho malamulo amafinya mtunda, ndipo kasitimako kamangosonyeza pomwe sitima ili. Gwirizanani musanayambe kuti muziyeza kuchokera pa chumuni mpaka pa chumuni. Mukapanda kutero, mkangano wake umaposa wa pabawo.

Yambani ndi sitima imodzi aliyense. Nkhondo ya 1914 ija momwe inachitikira siseweredwa, chifukwa Wissmann anaipeza ili pamtunda akuikonza, ndipo kapitawo wake, Berndt, sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba. Iye ndi Rhoades wa pa Guendolen anali anthu omwera limodzi. Ndiye ife timaitembenuza: bwanji Wissmann ikanakhala ili m'madzi, uthenga utaifika? Malamulo athu a pakhonde ndi awa. Aliyense amalemba mobisa papepala komwe akhotere ndi masentimita omwe ayende, kenako nonse mumaulula n'kusuntha nthawi imodzi. Guendolen imayenda mpaka masentimita 12, Wissmann mpaka 9. Mkati mwa masentimita 20 chipolopolo chimamenya dayisi ikagwa 4, 5 kapena 6. Mpaka 40, ikagwa 6 yokha. Kupitirira apo musataye zipolopolo. Guendolen imamira ikamenyedwa kasanu ndi kamodzi, Wissmann kanayi. Kuti Mjeremani asangokhala nyama, iye amapambana akangofika kumapeto ena a tebulo, ndipo timaika miyala iwiri kapena itatu kukhala zilumba zobisalako.

Musanayambe ponyani dayisi ya mphepo. Ikagwa 1 kapena 2 kuli bata. Ikagwa 3 kapena 4 ndi mpoto, wochokera kumtunda kwa nyanja, ndipo wolimbana nawo amachotsa masentimita awiri. Ikagwa 5 kapena 6 ndi mwera: wopita kummwera amachotsa masentimita atatu, ndipo sitima iliyonse yomwe yapereka nthiti ku mafunde siiombera ulendo umenewo. Lamulo la mwerali anatipatsa ndi mkulu wina wopha usipa wa ku Monkey Bay amene anaima kutiyang'ana tsiku lina, n'kutiuza kuti munthu amene boti lake lapingasa pa mwera sakhala ndi dzanja lopuma loti agwire mfuti.